Ulemu Umene Unagwetsa Achingwe

Inu amene mukuti sukulu inakupitirirani, tamvani za Achingwe.

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, bambowa anakhala pansi m'khonde la yunivesite, manja ali m'khosi. Anali atalephera phunziro la kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta, ndipo lamulo linali lakuti ukalephera kawiri, digiri yachiwiri uiwale.

Dzina la Achingwe analitengera kuntchito. Zaka makumi awiri anakhala akukwawa m'madenga a maofesi, kukoka zingwe za netiweki, mutu uli mbuu ndi fumbi. Digiri yoyamba anaipeza movutikira, akulera ana anayi. Yachiwiriyi anaiyamba imvi zitamera kale, pakati pa achinyamata amsinkhu wa mwana wawo woyamba.

Chimene chinawazunguza mutu n'chakuti pagulu lawo, pomwe aliyense ankalemba gawo lake la pulogalamu anzake n'kuliunika, iwo sanadzudzulidwepo. Yankho linali limodzimodzi, lakuti zili bwino bambo.

Atafika kunyumba anatsegula pomwe pamasungidwa mbiri ya zonse zimene zasinthidwa m'pulogalamuyo. Abale inu, mizere yawo yonse inali itakonzedwa mwakachetechete ndi mtsogoleri wa gulu, mtsikana wofatsa wovala magalasi. Analira munthu wamkulu, akazi awo akuwasisita pamsana.

M'mawa mwake anakamupeza mtsikanayo mu labu ya makompyuta. Iye, maso ali pansi, anati kwawo analeredwa kuti wamkulu sauzidwa kuti walakwa, ndiye ankaopa kuwachititsa manyazi.

"Mwanangu, ulemu wakowu wandigwetsa," anatero Achingwe mofatsa. "Ngati umandikonda, uzindiuza pomwe ndaphonya."

Sizinali zophweka. Masiku oyamba mtsikanayo ankayamba ndi kupepesa katatu asanatchule cholakwa chimodzi. Koma atazolowera, eee, anachita kunyanya. Tsiku lina pa mizere makumi atatu analembapo ndemanga makumi anayi. Achingwe anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ngakhale mayi akunyumba sawapeza zifukwa zochuluka chonchi.

Kuseka anaseka, koma mumtima zinkawawa. Ankakonza okha, pulogalamu n'kukanabe kuyenda, iwo n'kuyambiranso. Panali masiku amene ankalakalaka kungobwerera kudenga, komwe zingwe sizitsutsa munthu. Komabe Lolemba lililonse ankabwera ndi gawo lawo, n'kulipereka ndi manja awiri kuti liunikidwe.

Patatha miyezi isanu, mtsikanayo anawerenga ntchito yawo, n'kubwerezanso, kenaka anavula magalasi.

"Bambo, ndafunafuna. Palibe chokonza."

Ulendo uno Achingwe anakhulupirira, chifukwa ankadziwa kuti pakamwa pamenepo sipanama. Atalembanso mayeso aja anakhoza, ndipo digiri yawo anaimaliza.

Tsono inu amene mwagwa, osataya mtima, komanso musamabise pomwe mukulephera. Pezani munthu wokukondani mpaka kufika pokuuzani kuti apa mwaphonya. Akakuuzani zidzawawa ndithu, koma mum'thokoze, mubwerere mukakonze.