Njira Yodutsa Kuseri kwa Nyumba ya Ednah

Sikunali kulira kwa mota, njinga yamoto ija, ayi. Inali tcheni chabe, tye tye tye, monga imalirira munthu akamakankha mota atazimitsa injini. Ednah anaimva pakati pa usiku ali tsonga pamphasa, akusisita pamsana pa mwana wake Yankho, yemwe chifuwa chinamugwira sabata imeneyo. Phokosolo linafika kuseri kwa nyumba. Mwana anatsokomola. Tcheni inangoti zii. Patapita nthawi inayambanso, n'kumka nizilala cha kumalire a Malawi.

Ednah sanasankhe yekha kukhala m'mbali mwa njira imeneyi. Anasankha ndi malemu bambo ake. Atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, anzawo anamanga pakati pa mudzi, koma iwo anakazika mitengo kumapeto kwenikweni, pakanjira komwe anathawirako. Ankati mfuti zikadzaliranso, iwo ndiwo adzayambe kuwoloka. Mfutizo sizinalirenso m'mudzimo, koma nyumba inatsala pomwepo payokha. Ednah anabadwiramo, anakuliramo. Sukulu anakaphunzira ku Mandimba mpaka kalasi lachisanu ndi chinayi, mimba ya Yankho n'kumubweza kuno ku Ngauma. Mwamuna wake Gildo amathandiza amisiri omanga nyumba ku Cuamba, amabwera mwezi ukatha. Ednah ndi mkazi wochepa thupi, wolankhula motsitsa, amene akamasinja amaleka kaye munsi m'mwamba kuti amve amene akudutsa.

M'mawa mwake akusesa pabwalo, kunatulukira a Celestino, aja ogulitsa petulo wa m'mabotolo kumsewu. Sanayambe afikapo pakhomopo chibadwire.

"Odi kuno, make Yankho! Nanga mwana wagona bwanji? Chifuwa chimenechija sichabwino."

"Akupezako bwino, bambo."

"Chikukugonetsani tulo koma? Mayi wosagona amamva zambiri. Zina n'maloto chabe."

Anaseka, n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa m'thumba la jekete, n'kuika pakhonde. Ednah anagwada, anathokoza. Iwo atapotoloka, anatsala akuyang'ana kabotolo kaja. Za chifuwacho sanauze munthu aliyense, ngakhale kuchipatala anali asanapite.

Masana nkhani inafika kumjigo. Ismaeli, wonyamula anthu pamota ku Mandimba, anamupeza m'ngalande cha ku Mitande, mutu uli magazi okhaokha, mota palibe. Wamoyo, koma sakulankhula. Ednah ankakhala naye benchi limodzi kusukulu. Anali wachitatu kulandidwa mota chaka chimenechi.

Mwezi wathawo kunabwera wapolisi kudzachititsa msonkhano. Anatchula nambala, anthu n'kuisunga m'matelefoni. Anati aliyense woona kapena kumva kanthu aimbe, sadzafunsidwa dzina, sadzaitanidwa kukhoti. Anthu anaomba m'manja.

"Sadzafunsa dzina!" anatero Prisca, mnzake wa Ednah, akupukusa mjigo. "Dzina alifunsiranji, poti mudzi wonse udzawauza? Rede ya telefoni kuno imagwira pachulu cha a Chabane pokha. Ukangokwerapo, ngakhale mbuzi zimadziwa kuti wakuti akuimba."

Amayi anaseka. Wina anati iye akakwera pachulupo apongozi ake amawerenga milomo ali kudimba.

"Nanga iwe mana, m'bale wanga, watani?" anafunsa Prisca. "Nkhope ngati wameza chule. A Gildo apeza wina ku Cuamba?"

"Mwana sakundigonetsa."

Madzulo anabereka Yankho n'kupita kuchuluko. Anapezapo anthu, aliyense atakweza telefoni m'mwamba ngati akuthyola mango. Pansi pake panakhala akazi a Celestino, akudikira kuimbira mwana wawo.

"Mukuimbira abambo akunyumba? Mutiperekere moni."

Nambala ya apolisi inali pomwepo pansi pa chala chake. Anaidumpha, n'kuimbira Gildo. Anatembenukira kutchire, n'kunong'ona zimene akanatha.

"Usayerekeze," anatero Gildo. "Wamva? Njira si yako, mota si yako. Tseka chitseko, ugone."

"Koma akudziwa kuti ndimamva."

"Ndiye chifukwa chake ukhale chete. Ndibwera mwezi ukatha."

Rede inathawa.

Pobwerera sanayende molunjika. Anaima pamphambano, anabwerera pang'ono, anaimanso. Anaganiza zokwera shapa, minibasi ija, mawa n'kukaimbira ku Mandimba, pakati pa msika pomwe palibe womudziwa. Koma akanena kuti chiyani? Kuti mota zobedwa zimadutsa pakanjira kakumapeto kwa mudzi usiku wa Lachinayi, wotsogolera tsiku la msika. Apolisi akadzabisala pamenepo, a Celestino sadzafunikira kuombeza. Panjirapo pali nyumba imodzi, m'nyumbamo muli munthu wamkulu mmodzi. Wapolisi uja ananena zoona, dzina sadzafunsa. Nkhaniyo yokha ndiyo inali ndi dzina lake.

Anaganizanso zongokhala chete monga ananenera Gildo. Koma munthu amene wakubweretsera mankhwala lero chifukwa choti unamva, mawa akadzakayika adzabweretsa chiyani? Ndipo Ismaeli akadzatsirizika, iwo aja adzayamba kuwerenga amene angawatchule. Kukhala chete sikukanamuchotsa pamndandanda umenewo.

Anafika pakhomo dzuwa litapendeka. Anayang'ana nkhokwe, chimanga cha chaka chino chili tho, chosatonola. Anatsamira pamenepo nthawi yaitali, mwana akulemera kumsana.

Vuto silinali kumva ayi. Vuto linali kumva yekha.

Sanalowe m'nyumba. Anamanga bwino kapulana, chitenje choberekera mwana, n'kubwerera m'mudzi, molunjika kwa Prisca.

"Mana, anankafumbwe andilowera. Ndikufuna manja. Lachinayi madzulo mubwere tidzatonole, mudzagone konko, mdima ukakugwerani musadzavutike kubwerera."

"Kugona kwanu kutchire kuja? Utipha nkhuku?"

"Ndipha ziwiri."

"Ndiye ndiitana Kristina ndi Asima."

"Uitanenso Florência."

Prisca anaika manja m'chiuno. "Florência! Wailesi yam'mudzi ija? Ameneyo ukayetsemula, pofika m'mawa ku Mitande amva kuti wamwalira."

"Yemweyo. Abwere ndi achemwali ake omwe."

Ednah anali atatsimikiza. Lachinayi adzatonolera m'nyumba, adzazimitsa nyali msanga, ndipo iye adzayala mphasa za alendo kukhoma lakunjira. Sadzauza aliyense kanthu. Tcheni ikadzalira, adzangogwedeza Florência paphewa n'kufunsa kuti, kodi amwali, chimenecho n'chiyani? Lachisanu nkhani idzakhala ili kumjigo, kuchigayo ndi kutchalitchi, yopanda mwini. Loweruka adzakwera shapa ya ku Mandimba ndi mwana, ngati wopita naye kuchipatala, ndipo akatsika adzaimba nambala ija.