Dothi Langa M'matambula a Asewere

Ine sindikhulupirira munthu. Ndinasiya kalekale ndisanafike n'komwe kuno ku Joni, ndipo zaka zonse zimene ndakhala ku Duduza sizinandipatse chifukwa choyambiranso. Woyandikana naye nyumba akanditalikitsira moni, maso anga amapita pa waya woyanikapo zovala. Wogulitsa pa kagolosale ka sipaza akandimwetulira ndimatembenuza paketi kuti ndione kunsi kwake. Munthu yekhayo amene ndinkamusiyira kiyi anali mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa malemu mwana wanga. Ndinamulera ndekha kuyambira ali wa kumsana. Bambo ake amayendetsa thiraki, nyumba yawo ndi msewu.

Kwathu ku Mulanje mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna ndi tambala chabe, anapiye amatsata thadzi. Asewere anga, amayi a bambo akewo, zimenezi ankazidziwa bwino, paja nawonso ndi a ku Machinga. Amakhala ku Actonville, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo amasoka makatani. Kwa zaka zambiri anali munthu wongomuyendera pa Idi. Mwana ankapita m'mawa, madzulo n'kubwera ndi mpunga m'kontena ndi diresi latsopano, ine n'kuyamba ndalawa mpungawo asanaudye. Ine ankanditchula agogo, iwo anganga, ndipo aliyense ankadziwa malire ake.

Zinasintha mwana atamaliza matiriki, mayeso otsiriza a ku sekondale. Anamva za malo ku sukulu ya zaulimi, kumene okhoza amaphunzira popanda kulipira kanthu. Ofuna malowo anali khamu, malowo ochepa, choncho panali mayeso opikisana. Pepala limodzi ndi limene linkamusowetsa mtendere, lofunsa zimene zikuchitika masiku ano pa zachilengedwe, zaulimi ndi zasayansi.

"Buku lake lili kuti?" ndinamufunsa.

"Palibe buku, agogo. Ndi nkhani. Umayenera kumazitsata tsiku ndi tsiku."

Mayeso opanda buku! Ndinaona ngati ndi njira ina yopusitsira ana a anthu. Kwanga kuli kawailesi kakale ndi kafoni kamabatani. Kwa asewere kuli kanema wosazima komanso wayifayi yokwera kuchokera ku sitolo ya pansi. Anayamba kupitako Loweruka. Kenako Loweruka ndi Lamlungu, ine kutchalitchi n'kumakhala ndekha pa benchi. Kenako mkati mwa sabata momwe.

Akabwera, pakamwa pankakhala posatseka. Akutsuka mbale ankandiuza chifukwa chimene mazira anasowera m'masitolo nthawi ina, ati nkhuku zinagwidwa chimfine cha mbalame. Ankanena za ng'ombe zoletsedwa kuyenda chifukwa cha zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, za mbozi zoononga chimanga zimene zinachita kuoloka nyanja, za mbewu zopirira chilala, za magetsi a dzuwa. Ndinkamvetsera, ndipo nthawi zina ndinkakondwa. Koma nkhani iliyonse inkakhala ndi mchira, ndipo mchirawo unali umodzimodzi: anganga akuti, anganga anaseka, anganga anandifunsa.

Tsiku lina anandifotokozera za Elinino. Ati kutali kwambiri kuli nyanja imene madzi ake akafunda, mvula imavuta ku Mulanje.

"Anakaigwira ndani nyanjayo kuti amve kuti yafunda?" ndinatero.

"Pali zipangizo, agogo."

"Zipangizozo anaziika ndani? Si anthu omwewa ogulitsa mbewu?"

Anapukusa mutu. "Mukuona? Anganga satsutsa. Amangowerenga funso lotsatira."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa m'chidendene. Koma abale, mlimi pa awirife ndani? Kuseri kwa mkhukhu wanga, kanyumba kamalata kamene ndimakhalamo, kuli kadimba. Muli mpiru, nkhwani, ndi timapesi ta chimanga timene mbewu yake inabwera pa basi kuchokera kwathu itakulungidwa m'chitenje. Mwanayo anakulira pakati pa mizere imeneyo, anaphunzira kuyenda akugwira mpini wa khasu langa. Asewere chifikireni ku Joni sanagwirepo khasu. Munda wawo ndi kachitini ka tsabola pa windo. Koma ulimi unkakaphunziridwa kwawoko, pamwamba pa sitolo, pamene ngakhale nyongolotsi singafike.

Ndinayesa kupikisana nawo. Ndinkatsegula wailesi nthawi ya nkhani, n'kusunga m'mutu chilichonse chokhudza mvula kapena fetereza kuti ndikamuuze akabwera. Ndikangoyamba, iye ankamaliza yekha. "Imeneyo ndi ya dzana, agogo, tinaonera kale ndi anganga." Ndinkangotsala nayo nkhani yanga m'manja ngati ndiwo zogona.

Ndiye anabwera ndi pempho. Ati anganga akuti azikagona konko mpaka mayeso athe, matekisi akumutayitsa nthawi. Ndinakana asanamalize n'komwe. Ndikuwadziwa anthu. Lero ndi mpaka mayeso athe, mawa sutukesi yatuluka, mkuja ukumva kuti mwana wako akufunda mpango kumutu ndipo dzina lamusintha. Iye anangotola mbale n'kutuluka nazo panja.

Inali nyengo ya mphepo ya mu Ogasiti, pamene fumbi la m'zitunda za migodi yakale limauluka n'kudzagwera m'makomo mwathu, lotuwa, lolowa mpaka m'mano. Bondo langa lamanzere linali litatupa chiyambire chisanu. M'mawa wina ndili m'nyumba ndinamva kukwecha panja. Ndinapatula katani pang'ono. Mdzukulu wanga anali atanjuta m'dimba, supuni yanga ya tiyi ili m'manja, akutapa dothi n'kumathira m'kapepala ka pulasitiki ka buledi. Anamanga. Anapita pampopi, anatapa lina. Kenako anabwera pakhomo penipeni, pamene phazi langa limatera ndikamatuluka, anacheuka uku ndi uku, anayang'ananso ku windo, n'kutapa pomwepo. Timapepala tonse anatilonga m'chikwama cha sukulu, pansi pa juzi.

Wokulira m'tauni sangamve chimene ndinamva. Kwathu munthu akatapa dothi la paphazi pako sakhala akukacheza nalo. Amapita nalo kwa odziwa, ndipo pakapita masiku mwendo umatupa, kapena mtima umapepuka n'kumangovomera zilizonse ngati chitsiru. Ndinayang'ana bondo langa. Ndinakumbukira pempho ndinakana lija. Zonse zinalumikizana zokha popanda ine kuzikakamiza. Mwanayo sindinamuone ngati mfiti ayi. Ndinaona mwana wotumidwa, amene auzidwa kuti katenge, osawauza agogo ako.

Anatsanzika bwinobwino, ine n'kumuyankha bwinobwino. Atangokhota pakona ndinavala nsapato, ndinakhoma chitseko, n'kukakwera tekisi yotsatira. Ulendo wa ku Actonville ndi wosinthasintha matekisi, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu. Masitepe a kwa asewere ndinawakwera ndi mwendo umodzi, winawo ndikuchita kuukoka. Chitseko chinali chotsekuka pang'ono. Sindinagogode, ndinaima kaye n'kutchera khutu.

Ankaseka. Asewere ankawerenga funso pa foni m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, mwana n'kumawakonza, onse n'kufa nazo. Kuseka kumeneko, kogwa nako chagada, m'nyumba mwanga ndinali ndisanakumve chiyambire chaka. Ndinakankha chitseko.

Pa tebulo losokerapo panali matambula a alendo, aja a maluwa agolide amene ine sanandimwetserepo madzi. M'tambula iliyonse munali dothi langa, pamwamba pake madzi. Pambali panali jagi ya madzi ofiirira ngati a biringanya. Ndikuyang'ana chomwecho, mwana anathira madzi a m'jagiwo m'tambula ina, ndipo pang'onopang'ono anasanduka ofiira. Dothi la pakhomo panga linkatuluka magazi ine ndikuona.

"Asewere!" anatero eni nyumba, akudzuka. "Mwatitulukira ngati apolisi bwanji? Takulandirani, khalani apa."

"Sindinabwerere mpando. Ndabwerera dothi langa."

"Agogo..."

"Iwe khala chete. Asewere, ndinakulakwirani chiyani? Mwana ndinamulera ndekha, inu muli pamwamba pano mukusoka makatani a azungu. Lero wakula, mwaona kuti akhoza kukhala munthu, ndiye mwayamba kumutuma kudzatapa phazi langa?"

Asewere anagwira pakamwa. "Astafirulahi! Ine? Kukulodzani inu?" Kenako, m'malo mokwiya, anayamba kugwedezeka mapewa. "Mayi inu, ndikanafuna kukulodzani ndikanaononga kabichi wathunthu? Amene uja ndimati ndiphike mawa."

"Nanga bondo langali?"

"Bondo ndi ukalamba, asewere. Inu ndi limodzi, ine onse awiri. Ndiye ine wandiloza ndani, makina osokerawa?"

Mwana sanaseke. Anandiuza, mawu ali pansi, kuti madzi a m'jagi ndi owiritsira kabichi wofiira basi. Ati ukawathira pa dothi lokhala ndi asidi wambiri amafiira, dothi likakhala labwino sasintha kwenikweni. Ati nkhani ya fumbi la migodi ndi madzi oipa otuluka m'migodi yakale ili m'kamwam'kamwa, pa mayeso siingalephere kubwera, ndipo iye ankafuna kuiona ndi maso m'malo mongoiloweza. Ankafunanso kudziwa chifukwa chake mpiru wanga ukumachita chikasu.

"Ndiye pakhomo pamamera mpiru?"

"Pakhomo ndi pamene mphepo imaunjika fumbi, agogo."

"Bwanji sunatape la anganga akowa?"

"Ali pamwamba. Alibe dothi."

"Nanga unkacheukiranji uku ndi uku ngati wakuba nkhuku?"

Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sindinamuphunzitse. "Chifukwa ndinkadziwa kuti mudzatero. Ndipo mwaterodi."

Mwina zinali zoona. Kabichi ndinamuonadi m'poto, masamba atayezuka. Koma ndani ananena kuti chinthu sichingakhale sayansi pamwamba, kunsi kwake kuli zina? Amene amakuchita chipongwe sabwera ndi nyanga poyera. Masiku ano akhoza kubwera ndi wayifayi.

Ndinamuuza kuti atenge chikwama tizipita. Sanasunthe. Ndinabwereza, mokweza, moti wa sitolo ya pansi ayenera kuti anamva.

"Sindipita, agogo. Mayeso ayandikira. Kunyumba ndimawerenga ndi diso limodzi, lina lili pa inu. Mumanunkhiza chikwama changa. Ndikanena kanthu mumati wakuuza ndani. Ndatopa. Ndikhala kuno mpaka ndilembe."

Chibadwire anali asanandikanirepo. Ndinayang'ana asewere kuti mwina anene mawu a munthu wamkulu, akuti mvera agogo ako. Iwo anali atatola nsalu n'kumaipinda mosamala, maso ali pansi, ngati nkhaniyo si ya m'nyumba mwawo. Kupambana kwina kumakhala kwachete choncho.

Ndinapempha jumbo. Anandipatsa. Ndinakhuthulira matambula onse m'menemo, matope ndi madzi ofiira omwe, ndinakokota ndi chala kuti pasatsale kanthu. Dothi langa siligona kwa eni. M'tekisi jumboyo inkadontha, mayi wina wa Chizulu anasuntha miyendo n'kundifunsa ngati ndagula chiwindi. Ndinati eya.

Masabata otsatira nyumba inakula. Ndinkaphika pang'ono n'kutsalabe. Mwana ankandiimbira foni, sindinganame, ndipo ankafunsa za bondo. Koma ine khutu linkakhala kuseri kwa mawu ake, kumene ndinkamva makina akulira, kanema akulankhula, ndi asewere akufunsa kuti tiyi athire shuga wochuluka bwanji. Wailesi ndinkaitsegulabe nthawi ya nkhani. Ndinamva za namondwe wina amene ankayandikira kunyanja, ndinamva za madamu akuphwa, ndinazisunga m'mutu mwa chizolowezi, popanda womuuza. Tsiku la mayeso ndinadzuka ndi kupemphera, koma amene anamuperekeza pa geti si ine.

Zotsatira zinachedwa mpaka mvula inagwa. Masana ena ndikupalira m'dimba, kafoni kanalira m'thumba la epuloni. Anali asewere.

"Asewere, imikani khasu! Mwana wathu wakhoza! Amutenga!"

Ndinakhala pansi pa mzere pomwepo. Ndinalira, ndipo inali misozi ya chimwemwe, Mulungu ndi mboni. Koma khutu langa siligona. Linali litatola kale mawu akuti wathu.

"Mwamva liti?"

"Dzulo madzulo. Tinachita kuvina, oyandikana nawo mpaka anabwera kudzaona."

Dzulo. Ine ndinagona osadziwa, ndinadzuka osadziwa, ndinamwa tiyi osadziwa, anthu a ku Actonville amene sanamusinthepo thewera atavina kale.

Mdzukulu wanga anaimba patapita kanthawi. Ndinaisiya foni ilire kaye. Nditayankha anali akupuma mothamanga, akundiuza kuti funso la fumbi la migodi linabweradi, kuti sukulu ili kutali, kuti adzafuna bulangete lake. Ndinamuyamikira monga kuyenera. Kenako ndinafunsa chimene chinali pakhosi.

"Bwanji unayamba kuuza iwo?"



"Anali pafupi, agogo."

Bulangete anadzalitenga Loweruka, pamodzi ndi sutukesi. Anakhala nane mpaka dzuwa kupendeka, anadya, anatsuka mbale, kenako anati athamangire tekisi kusanade, anganga angade nkhawa.