Kapinga wa Amayi Emelda

Wodutsa mu Chowa, komboni ya ku Kabwe, m'mamawa m'mwezi wa Okutobala amawapeza Amayi Emelda Sakala ali chiweramire pabwalo lawo, akuwaza madzi ndi dzanja kuchokera m'beseni. Sasesa pouma. Tsache amayamba alinyika m'madzi, ndipo akamaliza amalitsuka. Madzi osamba sataya, otsukira mbale sataya, ochapira zovala sataya. Onse amathera pa kapinga amene anabzala kuyambira pakhonde mpaka patsinde pa mango. Chilimwe chikafika pachimake, mumsewu wawo wonse chobiriwira chimakhala kachigamba kameneko kokha.

Anabadwira mu Chowa momwemo. Atate awo anachoka ku Katete kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo iwonso anakwatiwa ndi wamumgodi, a Weston, amene analowa pansi zaka makumi awiri. Mgodi unatsekedwa, eni ake anapita, koma phiri lakuda la zotsalira za mgodi linakhala pomwepo. Mphepo ya chilimwe imalipeta n'kumaliwaza pamadenga, pa zovala zoyanika, pamitu ya ana. M'fumbi lake muli mtovu, umene kuno amangouti ledi, poizoni woononga ubongo wa ana. Amayi Emelda analerera ana asanu m'fumbi limenelo osadziwa kanthu. Mwana wawo wachitatu, Maybin, ankaiwala chilichonse chimene waphunzira kusukulu, ndipo iwo ankamukwapula poganiza kuti ndi ulesi. Nkhani imeneyi sanali kuitchula kwa munthu.

Chaka chatha akukiliniki anayeza magazi a ana. Nthawiyo mdzukulu wawo Chiko, kamtsikana ka zaka zitatu, anali atakhala nawo miyezi inayi, chifukwa mayi wake, Christina, amagwira ntchito m'sitolo ku Ndola. Pepala litatuluka losonyeza mtovu wambiri m'magazi a Chiko, Christina anakwera basi tsiku lomwelo. Atafika, mpando anaukana.

"Amayi, mwana wanga sadzapondanso pano mpaka fumbi ili lithe."

Fumbi la Kabwe n'kutha? Amayi Emelda anapala bwalo lonse ndi khasu. Anapempha dothi lofiira kwa msuweni wawo wa kumafamu, nabzala kapinga mzere ndi mzere, msana ukulira. Nsapato zinayamba kutsala panja, ngakhale za ansembe atabwera kudzadalitsa nyumba. Mwezi uliwonse ankajambula bwalo pafoni n'kutumiza ku Ndola, osalembapo mawu. Patatha miyezi khumi ndi umodzi Christina anafewa. Chiko abwere milungu iwiri, ndipo zikayenda bwino azibwera chilimwe chilichonse.

Mlungu woyamba unali wokoma. M'mawa phala, kenako kusamba m'manja, kenako mphasa pansi pa mango. A Weston ankakhala pampando wawo wa chingwe, wailesi pambali, akupindira mwana galimoto yawaya imene mawilo ake sankafuna kuzungulira. Dzuwa likaswa mtengo onse atatu ankabisala m'nyumba, mazenera otseka, thukuta kamukamu. Madzulo Chiko ankatsata ambuye ake ndi kachitini kake, nayenso akuthirira kapinga, madzi ambiri akuthera pamapazi ake.

Lachinayi Amayi Emelda anavala chitenje chawo cha mpingo kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Anasiya Chiko ali mtulo.

"Akadzuka asatsike pakhonde wopanda nsapato. Asanadye kanthu, sopo."

"Ndamva, anamwino," anatero a Weston, maso ali pa waya wawo.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Choyamba kuona chinali wilibala yotsamira mpanda. Kenako pakhomo, pamalo pamene kapinga anakana kumera chifukwa chopondapo, panali bii, posalazidwa bwino, m'mbali mwake mutayalidwa njerwa. Miyala ya kuphiri lakuda. Pakati pake panali Chiko, atatambalala, akudzaza kachitini kake. Manja anali akuda. Milomo inali yakuda.

"Ambuya, ndaphika. Idyani."

Anamunyamula ngati wochotsa mwana pamoto. Anamusambitsa kawiri, kumutokosa m'zikhadabo, kumutsuka m'kamwa ndi chala mpaka mwana analira. Atamuveka anamutsekera m'chipinda ndi galimoto yake yawaya, natuluka. Chitenje cha mpingo chinali chidakali m'chiuno, chitanyowa.

A Weston anali ataima pambali pa ntchito yawo, akudikira kuyamikidwa.

"Bambo a Christina, ichi n'chiyani?"

"Mvula ili pafupi. Chaka chatha munaterereka pomwepa, mwezi wathunthu mukuyenda ndi ndodo. Miyala iyi sichita matope. Mawilibala atatu, ndakankha ndekha ndi msana uno."

"Mwakankha nokha. Zikomo. Mukanakankhiratu ndi bokosi la maliro a mwanayu."

"Musalankhule choncho, amayi."

"Ndilankhule bwanji? Ndikuimbireni nyimbo?"

Amayi Emelda anatola mwala umodzi, naufikisa pa njerwa, nawaonetsa chikhatho. Chinali chakuda ngati cha wogulitsa makala.

A Weston anayang'ana kumbali. "Khomo lililonse mumsewu muno lili ndi miyala imeneyi. Kwa a Mathias ili mpaka kuchimbudzi. Ine ndinapuma zimenezi zaka makumi awiri, ndipo ndi ine pano, ndikudya, ndikuyenda."

"Mukuyenda, inde. Maybin nayenso akuyenda. Mutumeni zinthu ziwiri kumsika muone ngati abwera nazo zonse. Ndinathyolera ndodo zingati pamsana pa mwana uja, inu mukuti onjezani, ndi waulesi?"

Mawuwo anali asanatulukepo m'nyumba imeneyo. A Weston anakhala pansi pa njerwa zawo zomwezo. Wailesi inali kulankhula yokha pansi pa mango, ndipo palibe anapita kukaitseka.

Lachisanu Amayi Emelda anadzuka ndi fosholo. Ananyowetsa miyalayo kuti isafuke, naikokolola m'masaka, napalanso dothi la pansi pake kuya kwa chikhatho. Madzi amene anasungira kapinga anathera pamenepo. A Weston atafuna kugwira fosholo, anawalozera wilibala.

"Bwezani kumene munakatenga."

Mkuluyo anapita maulendo anayi dzuwa lili pamutu, malaya atamatirira kumsana. Anthu a mumsewu ankamuseka kuti mdala wayamba kubweza katundu wa mgodi. Pofika madzulo pakhomo panali pofiira ngati kale. Wosadziwa sakanaona kanthu.

"Taonani, palibe chikuoneka," anatero a Weston motsitsa mawu. "Christina akubwera mawa. Asamve. Akamva, mwana sitidzamuonanso."

Apa ndiye mtima wa Amayi Emelda unawira kuposa dzulo, chifukwa mawu amenewo anali atawaganiza kale okha, fosholo ili m'manja. Kungokhala chete basi. Mwana wa zaka zitatu anganene chiyani? Koma chimene chinalowa m'kamwa fosholo singachikokolole, ndipo akukiliniki sayeza mwana amene mayi wake sakudziwa kuti ayenera kuyezedwa. Zaka zonse zija ankati sanadziwe. Tsopano ankadziwa.

Loweruka Christina anafika ndi thumba la mabanzi. Anavula nsapato pachipata, nayenda pa kapinga ndi mapazi, akuseka ngati ali kamtsikana. Anakhala pamphasa, Chiko pamiyendo, akumununkhiza m'mutu.

"Amayi, mwagwira ntchito. Zithunzi sizinkaonetsa bwino. Mwana wanenepa. Ngati simutopa naye, akhale mpaka Khirisimasi."

A Weston anayang'ana akazi awo. Amayi Emelda anayang'ana pakhomo pofiira paja.

"Lolemba upite naye akamuyeze magazi. Lachinayi anadya miyala ya kuphiri. Inali pakhomo apo."

"Inafika bwanji pano?"

Amayi Emelda anasiya funsolo lilendewere mpaka a Weston anati, "Ndine, mama. Ndinkafuna amayi ako asagwenso."

Christina sanakweze mawu. Anaimirira, nalowa m'nyumba, ndipo panamveka zipi ya chikwama. Potuluka anaima pamaso pa atate ake nthawi yaitali.

"Atate, inu munagwira mumgodi. Mukanakhala mlendo ndikanamva."

Kenako anatembenukira kwa amayi ake. "Nanga inu, msonkhano unali wofunika kuposa mwana?"

Amayi Emelda anamanga Chiko nsapato, namuperekeza mpaka pokwerera minibasi. Mwana ankafunsa ngati abwera mawa kudzathirira. Mabanzi anatsala pamphasa, thumba losamasula.

Pobwerera anaima pamphambano pamene phiri lakuda limaonekera lonse. Anthu anali pamwamba pake ngati nyerere, akukumba, fumbi likukwera n'kumapita kumene mphepo yafuna. Amene analiunjika ali kutali, ana awo akusewera pa udzu wothiriridwa ndi mpopi. Kuno anasiya nkhalamba ziwiri zikukanganirana mawilibala atatu. Amayi Emelda analavula malovu pansi, chinthu chimene sanachitepo atavala korona m'khosi.

Kunyumba anapeza a Weston atanyamula beseni la madzi osamba, ataima m'mphepete mwa kapinga, osadziwa poyambira. Anawalanda beseni osawayang'ana kumaso. Kapinga anali atayamba kufota, masiku awiri osalawa madzi. Anawaza mzere woyamba, wachiwiri, mpaka patsinde pa mango. Pamenepo panali kachitini ka Chiko, mkati mudakali mwakuda. Anakatsuka katatu ndi sopo, nakakoleka panthambi, pamwamba pamene fumbi la tsache silifika.