Batani la Ulusi Wofiira

Telala wamkazi uja amene amasokera pakhonde la sitolo ya penti, aliyense amamudziwa kuti msoko wokhota saulekerera. Amamasula diresi lonse chifukwa cha kamzere kamodzi. Koma kunyumba ali ndi kamtsikana ka zaka zisanu kamene anthu anangokatcha Ndekha, poti mawu ake ndi omwewo. Kusamba, "Ndekha!" Kuvala nsapato, "Ndekha!" olo yakumanja ilowe kumanzere.

Tsiku lina batani la juzi ya mwanayo linathothoka. Mayi asanatole singano, Ndekha anali atailanda kale. Anakhala pansi pa tebulo ola lathunthu, lilime lili panja, akusoka ndi ulusi wofiira pa juzi yoyera. Batani linakakhala kutali ndi bowo lake, ulusi uli lendelende. Anaonetsa aliyense, ndi wogulitsa penti yemwe.

Mayi anayamikira pakamwa pokha. Mumtima ankati, mwana wa telala aziyenda chonchi? Makasitomala ati chiyani? Mwana atapita kosewera, anatenga lezala n'kudula, n'kusokanso bwinobwino ndi ulusi woyera. Mphindi ziwiri basi.

M'mawa mwake Ndekha anaitembenuzatembenuza juzi ija.

"Amayi, ulusi wanga uli kuti?"

"Ndangokonza pang'ono, mwanangu."

"Ndinalakwitsa eti?"

Sanalire. Koma bola akanalira! Anangotambasula manja kuti avekedwe ngati khanda. Mawa lake chimodzimodzi, ndi nsapato zomwe ankadikira amayi ake. Sabata yonse mawu aja sanamveke m'nyumbamo. Mayi amene ankadandaula kuti mwanayu amamuchedwetsa tsopano ankafika kuntchito molawirira, mtima ukumuwawa. Panalibe womuloza chala. Anachita ndi iye mwini, ndi lezala lake lomwe.

Lolemba anadula dala batani la bulauzi yake yakuntchito, la pachifuwa penipeni.

"Taona, lathothoka, ndiye manja angawa atopa. Tandithandiza."

Mwana anayang'ana singano nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Mudzadulanso?"

Funsolo linamulasa mayi mpaka anayang'ana pansi. "Ayi, sindidzadulanso."

"Olo likhote?"

"Olo likhote."

Linakhotadi, kukhota kochititsa manyazi. Mpaka lero mayi amapalasa makina atavala bulauzi yomweyo, ndipo kasitomala akaseka amangoti, "Lisiyeni, anasoka ndi mwana wanga, yekha."

Mawu aja anabwerera m'nyumbamo, ndipo mayi wayambanso kuchedwa kuntchito. Koma m'mawa uliwonse, asanatuluke, Ndekha amayamba wagwira batani la pa bulauzi lija kuti aone ngati ulusi wake ukadalipo.