Chipewa cha Atate pa Maliro a aMulenga

Fungo la petulo wa jenereta mpaka lero limandibwezera ku Chipata, chilimwe chija bambo mfumu wachitaliyana anabwera ndi kanema pa parishi pathu. Ndinali giredi fili, sukulu yomwe sindinapite nayo patali, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ankamanga nsalu yoyera pa mitengo ya mango, ife n'kukhala pafumbi, miyendo mbuu, chinangwa chootcha m'manja. Woyendetsa makina a kanemawo anali atate anga, aJere. Ee, atate anga enieni! Galasi lake ankapukutira duku la amayi, amayi n'kumakalipa.

Pansalupo pankatuluka kamunthu kamodzimodzi: chibwano chokhota, kachipewa, thalauzi lolekeza m'miyendo. Chitaliyana sitinkamva, koma kakangopotoza khosi ngati nkhuku, tonse pansi. Filimu ina kanali pamaliro, kakulira mokuwa, uku dzanja lili m'mbale ya anamfedwa. Bambo mfumu anaseka mpaka kutsamwa, akumenya bondo. Ndinawaona ndi maso angawa.

Chandikumbutsa zonsezi ndi gogo wina wachitaliyana amene ndimamusamalira kunyumba ya okalamba ku Tottenham, kuno kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina ndikubwera ndi tiyi, ndinangoona chibwano chija pa TV, thireyi inatsala pang'ono kugwa. Gogoyo ndiye anandifotokozera moyo wa kamunthu kaja. Akuti anabadwira muumphawi wadzaoneni, anayamba kuseketsa anthu m'timaholo ta m'makomboni, ophunzira akumunyoza kuti n'chitsiru cha anthu wamba. Anakalamba maso akufa, koma akusewerabe. Atamwalira, anthu anadzaza misewu kukamuika. "Kwathu ameneyu ali ngati woyera," anatero gogo. Woyera! Ine mtima unangoti phwii.

Mverani chifukwa chake. Chilimwe chomwecho anamwalira aMulenga, Mbemba, kalipentala, mnzawo wa atate wa ponda apa nane mpondepo. Paja ife Angoni ndi Abemba tili pa chimbuya: wina akafa, mbuya wake amabwera kudzachita chipongwe, kupaka anamfedwa ufa kumaso, kuti misozi ipumeko. Ukapanda kutero ndiye kuti sunamukonde. Ife timawaseka Abemba kuti amadya anyani, iwo n'kumatiseka kuti timadya mbewa. Ana anga obadwira kunowa ndikawauza amangonditong'olera maso. Basi atate anavala kachipewa, anapinda thalauzi, n'kuyamba kuzungulira bokosi, khosi ngati nkhuku.

"Dzuka iwe Mulenga! Anyani onsewa wasiyira ndani? Awadya ndani?"

Mai Mulenga, amene chifikire maliro sanalawe ngakhale madzi, anaphulika kuseka, misozi ili chuchuchu. "Chokani apa, odya mbewa inu!" Madzulo ake anadya.

Atate akadali kuzungulira bokosi, njinga yamoto ya bambo mfumu inafika. Nkhope yawo inafiira ngati phwetekere. Sanafunse aliyense, ngakhale akatekisiti amene anaima pomwepo. Lamulungu analengeza m'tchalitchi, dzina ndi dzina, kuti Jere wanyoza wakufa, asalandirenso ukaristia, ndipo abweze kiyi wa makina. Mai Mulenga anapita okha, ali m'zakuda, kukagwada pakhonde la bambo mfumu kuti mwamuna wanga waikidwa mwaulemu, musatero. Bambo mfumu anawauza kuti chisoni chawasokoneza mutu. Tamvani! Munthu wabwera dzulodzuloli, Chinyanja chake chothyokathyoka, akuuza mfedwa mmene alirire mwamuna wake!

Atate anasamukira pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko pamene pankakhala agalu. Anthu akamapita kukalandira, iwo ankangoyang'ana zala zawo. Masiku a kanema ankakhala pakhomo kumasenda mtedza, kuseka kwa anthu kukumveka kuchokera ku mango kuja. Ine ndinkapitabe, ndinali mwana. Mvula itayamba bambo mfumu anawakhululukira atate, akuti, koma kiyi sanabwerenso, ndipo kachipewa kaja amayi anakasandutsa chogwirira mapoto.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti kuseka kuli mitundu iwiri: kwa pansalu, kobwera pandege, kumene n'kololedwa, ndi kwathuku kumene n'tchimo. Lero ndikuona kuti atate ndi kamunthu kaja ankagwira ntchito imodzi, yopumitsa anthu misozi. Wina anampatsa misewu yodzaza, wina benchi ya agalu. Gogo uja amandiuza ndikhale tionere limodzi, ndipo ndimakhala, ndimasekanso, poti munthuyo sanalakwe kanthu. Koma khosi lija likangopotoka, ndimanyamuka kukatsuka makapu, ndipo amamva yekha mmene makapuwo akulirira m'sinki.