Thabwa la Tamala

Dzulo mdzukulu wanga anaswa batire lakale la wailesi, ndipo fungo lake linandibwezera pakhonde la golosale ya a Saidi ku Santhe.

A Saidi ankalemba okha zikwangwani zawo. Ataona kuti sindichoka pamenepo, anandisongolera bango mopendeketsa nsonga. Inki tinkapanga posungunula makala a m'batire m'madzi.

"Potsika kanikiza, pokwera pepuka," ankatero. "Chilembo chikhale ndi msana, iwe!"

Zala zanga zinkamata ndi phula la fodya, pakuti makolo anga anali matenanti pa esiteti. Komabe dzanja linamva msanga, ndipo ndinkadzitama nalo.

Tsiku lina bambo anabwera ndi thabwa lopala bwino. "Lembapo dzina la mlongo wako," anatero. Tamala anali khanda. Amayi anapita naye kuchipatala n'kubwerako okha, ndipo ana tinangouzidwa kuti watsalira komweko. Ine ndinkaganiza kuti thabwalo likhomedwa pachitseko pomulandirira.

Ndinakhala pansi pa chigafa choyanikamo fodya, lilime lili panja. T ndinamupatsa denga lopindika ndi mwendo wonenepa, A womaliza ndinamukokera mchira mpaka m'mphepete.

"Akabwera adzasangalala, eti bambo?"

Bambo analiyang'ana thabwalo nthawi yaitali. "Walemba bwino, mwana wanga," anatero, n'kulikulunga m'chiguduli. Analowera nalo kumsitu kumene ana sitinkaloledwa kupita.

Ndakalamba ndikulemba zikwangwani, koma sindinalembenso T wokongola ngati uja, amene ndinamulemba ndisakudziwa kuti akukaima pamanda.