Pulasitala pa mbali yaitali ya pulizimu

Amuna anga atamwalira ku Luwawa, kumene ankacheka matabwa, ndinabwera ku Mzimba boma ndi ana awiri. Mayi wina wa kumpingo anandiuza kuti pa sekondale ina akufuna wosesa m'labu. A pasukulupo anandilemba mondiyesa kwa mwezi umodzi. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndiye zinthu zambiri m'chipindamo ndinkaopa kuzigwira.

Wondiyang'anira anali a Banda, mphunzitsi wa sayansi wa ku Dedza. Anandiphunzitsa kutsuka mabotolo ndi kupukuta magalasi ndi kansalu kofewa. Chimene chinanditenga mtima ndi pulizimu, kagalasi kolemera ka ngodya zitatu, ka mbali ziwiri zazifupi ndi imodzi yaitali. A Banda ankayatsa kabokosi ka nyali kotulutsa kuwala kowonda ngati ulusi. Kuwalako kukalowa chopendekera, kunkapindika monga mmene ndodo imaonekera yothyoka m'madzi. Koma kukalowa molunjika pa mbali yaifupi, kunkagunda mbali yaitali, n'kukhota konse kukatulukira mbali yaifupi inayo. Ndikatsala ndekha ndinkatembenuza kagalasiko kufunafuna kalilole wobisika. Munalibe.

Sabata yomaliza ya mweziwo anandituma kulemba manambala pa zipangizo za mayeso oyeserera a Folomu 4. Pa mabotolo ndinkamata pulasitala n'kulembapo. Mapulizimu ndinawamatanso, pa mbali yaitali, poti mpamene panali malo okwanira nambala.

Tsiku la mayeso a hedi, amene ankayenera kugamula za ntchito yanga, analimo m'labu. Ana atayatsa nyali, mtsikana wina anaimika dzanja.

"Sala, kuwala kukulowa koma sikukutuluka!"

Matebulo ena nawonso anayamba kudandaula. A Banda anathamangira ku mabatire, poganiza kuti afooka. Ine ndinaima kuseri kwa tebulo la mtsikanayo, ndipo ndinaona pulasitala wanga akuwala pakati ngati khala. Kuwala konse kunkathera pamenepo.

Ndikanatha kukhala chete, koma ana anali atayamba kale kuyang'ana wotchi.

"Sala, si mabatire. Ndine," ndinatero.

Ndinamatula pulasitalayo, n'kupukuta zomata ndi sipiriti. Nditabwezera pulizimu pa pepala, ulusi wa kuwala unatulukira pambali, wowongoka bwino. Ndinayenda tebulo ndi tebulo ndikumatula mapulasitala mpaka onse anayamba kulemba.

Ana atatuluka sindinapirire. "Nanga kapepala kali kunja kangamwe bwanji kuwala kwa m'kati?"

A Banda anaseka. "A NyaShaba, kalilole ndinakuonani mukufunafuna uja ndi mpweya wa kuseriku. Pamene galasi lakumana ndi mpweya, kuwala kofika chopendekera chonchi kumalephera kutuluka, kumabwerera. Inu munachotsapo mpweya, munaikapo zomata, ndiye munakutsegulira khomo."

A hedi anandiyang'ana, kenako anati m'Chitumbuka, "Mwananga ndimwe, mwanozga ndimwe." Kuti wowononga ndine, wokonzanso ndine. "Mbwenu Lolemba mubwere."

Ndinagwira ntchito m'labumo zaka zambiri. Chipangizo chilichonse chatsopano chikafika, ndisanachigwire ndinkayamba ndafunsa kuti ntchito chimagwirira mbali iti. Pa pulizimu ndinasankha mbali yooneka ngati yangokhala, pamene ndiyo inkasenza ntchito yonse.